Mutu 7: Makina Amene Amauzana Njira

Munthu wa ku Metangula akaima pagombe n'kukweza foni m'mwamba, uku akudandaula kuti "palibe rede", sakunena za chilimira chimene chayanikidwa pamchenga pafupi naye. Komabe liwu ndi lomwelo. M'Chipwitikizi rede ndi ukonde wophera nsomba, ndiponso ndi chimene anthu a kutsidya, ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay, amachitcha netiweki. Amene anasankha liwuli sanaphonye. Ukonde ndi ulusi wambiri wokumana pamfundo, ndipo ulusi umodzi ukaduka wina umagwirabe. Kusiyana kwake n'kwakuti mfundo ya chilimira siganiza, pamene mfundo ya netiweki imayenera kusankha, kambirimbiri pa sekondi iliyonse, kumene ipititse uthenga umene yalandira.

Mfundo imeneyo ndi rauta. Ndi bokosi losasangalatsa m'maso, la timagetsi tophethira ndi mabowo olowetsamo zingwe, limene limakhala m'kabati yachitsulo patsinde pa mlongoti wa foni kapena m'kachipinda kokhoma ka ofesi. Uthenga uliwonse wa pa intaneti, kaya ndi chithunzi cha pa WhatsApp kaya ndalama za usipa zotumizidwa pa M-Pesa kapena e-Mola, umadulidwa m'timapaketi, ndipo kapaketi kalikonse kamanyamula adiresi ya kumene kakupita. Rauta imawerenga adiresiyo, imayang'ana pa mndandanda wake wa njira, n'kutulutsa kapaketiko pa bowo loyenera. Ntchito yake yonse ndi imeneyo. Nkhani yagona pa mndandandawo: amaulemba ndani?

Pa netiweki ya marauta awiri, mmisiri amaulemba yekha ndi manja, ndipo palibe cholakwika. Koma taonani malo ake. Metangula, likulu la boma la Lago, ili m'mphepete mwa nyanja, pamalo osakwana mamita 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Lichinga, likulu la chigawo cha Niassa, ili pamwamba pa mapiri, mamita oposa 1,300, ndipo msewu wake wa makilomita opitirira 100 umadzera ku Maniamba usanatsike chitunda kufika kunyanja. Kumpoto kuli Chuanga, Messumba, mpaka Cobue woyang'anizana ndi chilumba cha Likoma. Chingwe cha faiba chodutsa m'dera lotere chimakumana ndi moto wa tchire m'chilimwe, mitengo yogwa m'dzinja, ndi makasu a okonza msewu. Njira yolembedwa ndi manja sidziwa kuti chingwe chaduka. Imangotumizabe mapaketi kuphompho mpaka munthu adzuke, apeze galimoto, akafike. N'chifukwa chake makampani ngati Tmcel, Vodacom imene inayamba ntchito m'Mozambique mu 2003, ndi Movitel imene inabwera mu 2012, sangayendetse manetiweki awo polemba njira iliyonse pamanja. Marauta ayenera kuuzana okha.

Kuuzanako kuli mitundu iwiri, ndipo woyambawo ndi wa mphekesera. Rauta iliyonse imauza anansi ake okha kuti, "Kwakutikwakuti ndimafikako ndikadumpha kangapo." Mnansi sanaoneko, amangokhulupirira, n'kuwonjezera chimodzi, n'kuuzanso wina. Ndondomeko yotchedwa RIP imagwira chonchi, ndipo imabwereza nkhani yake pa masekondi 30 alionse. Tiyerekeze kuti pali marauta atatu pamzere, ya Lichinga, ya Maniamba ndi ya Metangula. Ya Maniamba imati ku Lichinga n'kudumpha kumodzi, ya Metangula imati kuwiri. Chingwe cha Lichinga chaduka. Ya Maniamba isanalengeze, yamva ya Metangula ikunena kuti, "Ine ku Lichinga ndimafika podumpha kawiri." Ikuganiza kuti mnzake ali ndi njira ina, osadziwa kuti njira ya mnzakeyo imadzera pa iyo yomwe. Ikulemba 3. Ya Metangula ikumva 3, ikulemba 4. Zikupitirira choncho, mapaketi akungozungulira pakati pa ziwirizi, mpaka chiwerengero chitafika 16, chimene RIP imachiwerenga ngati kosafikika. Akatswiri anapeza njira zochepetsera vutoli, koma muzu wake sunachoke: aliyense akunena zimene wamva, osati zimene waona.

Mtundu wachiwiri, umene amautcha link-state, unatembenuza lamuloli. Rauta isanene za kutali. Inene za pakhomo pake pokha: ndine uje, ndalumikizana ndi uje ndi uje, chingwe ichi chili moyo, mtengo wake ndi wakuti. Kachikalata kameneka, kotchedwa LSA, sikathera kwa mnansi. Mnansi amakasunga, n'kukapereka kwa anansi ake osasintha kanthu, mpaka katafika pa rauta iliyonse ya m'netiwekimo. Pamapeto pake aliyense ali ndi mulu wofanana wa zikalata, ndipo akazilumikiza zimapanga mapu amodzimodzi. Pamenepo rauta iliyonse imadziika pakati pa mapuwo n'kuwerengera yokha njira yachidule yopita kulikonse.

Masamu owerengerawo ndi akale kuposa intaneti. Anawapeza Edsger Dijkstra wa ku Netherlands mu 1956, ali ndi zaka 26. Iye mwini anafotokoza kuti anali atatopa ndi kugula zinthu mu Amsterdam pamodzi ndi bwenzi lake, anakhala panja pa malo omwera khofi, ndipo m'mphindi ngati 20 anali atamaliza kuganiza, popanda pepala kapena pensulo. Ankafuna chitsanzo choonetsera kompyuta yotchedwa ARMAC chimene anthu wamba angamve, monga njira yachidule yochokera ku Rotterdam kupita ku Groningen pa mapu a mizinda 64. Anasindikiza masamuwo mu 1959.

Kagwiridwe kake mwana wa sukulu akhoza kukatsatira pamchenga. Tiike manambala ongoyerekeza. Kuchokera ku Metangula, faiba ya ku Maniamba mtengo wake 10, wailesi yolunjika ku Lichinga kudzera paphiri 50, wailesi ya ku Cobue 50. Faiba ya Maniamba mpaka Lichinga ndi 10. Rauta ya Metangula imayamba ndi kumene kuli kotchipa kuposa konse, ku Maniamba, n'kutsimikiza kuti 10 ameneyo palibe angamugonjetse. Kenako imaona zimene Maniamba akutsegula: Lichinga pa 10 kuwonjezera 10, ndiye 20. Nambalayi ndi yochepa kuposa 50 wa wailesi, choncho 50 akufufutidwa. Imatenganso kotchipa mwa kotsala, n'kuchita chimodzimodzi, mpaka malo onse atatha. Faiba ikaduka, marauta a mbali zonse za podukapo amatulutsa zikalata zatsopano, aliyense akonza mapu, awerengeranso, ndipo 50 uja wabwerera pampando. Njira yachiwiri inali m'mapu kale ngozi isanachitike. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Netiweki yoyamba kugwiritsa ntchito nzeruyi inali ARPANET ya ku America, kholo la intaneti, imene inayamba mu 1969 ndi njira ya mphekesera ija. Mu 1979 John McQuillan ndi anzake a kampani ya BBN anaisintha kukhala link-state. Chaka chotsatira, pa 27 Okutobala 1980, netiweki yonse inaima kwa maola angapo, ndipo chifukwa chake n'chophunzitsa. Chikalata chilichonse chimakhala ndi nambala yosonyeza kuti chatsopano ndi chiti. Makina ena amene anali ndi vuto anawononga nambala ya chikalata chimodzi, ndipo panatuluka makope atatu, a nambala 8, 40 ndi 44. Manambalawo ankazungulira ngati a pa wotchi, moti 44 inali yatsopano kuposa 40, 40 kuposa 8, koma 8 inalinso yatsopano kuposa 44. Makina alionse akalandira kope limodzi ankaliona ngati latsopano n'kulifalitsa, ndipo zikalata zitatuzo zinadzaza zingwe zonse. Mphamvu ya link-state, yoti aliyense amamva zonse, inasanduka matenda ake. Radia Perlman ndi mmodzi mwa amene anakonza kafalitsidwe ka zikalatazi kuti zotere zisamachitike, ndipo ntchito yake inalowa mu ndondomeko ya IS-IS, imene makampani akuluakulu a mafoni ndi intaneti amaikonda mpaka lero. Inzake, yofala kwambiri m'maofesi, m'masukulu a ukachenjede ndi m'makampani ang'onoang'ono, ndi OSPF. John Moy analemba malamulo ake oyamba mu 1989, ndipo amene akugwirabe ntchito pa maadiresi a IPv4 ndi a 1998, odziwika ndi dzina loti RFC 2328.

Tsopano tilowe m'kachipinda kaja. Mmisiri wakhala pa kreti ya zakumwa, laputopu pamaondo, kachingwe kabuluu kolumikiza laputopuyo ndi bowo la console la rauta ya Cisco. Kunja kukutentha, fani ya rauta ikulira. Zimene akulemba kuti OSPF idzuke n'zochepa modabwitsa:

router ospf 1
router-id 10.255.0.1
network 10.0.1.0 0.0.0.3 area 0
network 10.0.2.0 0.0.0.3 area 0
network 10.10.1.0 0.0.0.255 area 0
passive-interface GigabitEthernet0/2

Mzere woyamba ukuyatsa OSPF, ndipo nambala 1 ndi ya m'nyumba, siyenera kufanana ndi ya mnansi. Wachiwiri ndi dzina la rauta. Likuoneka ngati adiresi, koma ndi dzina chabe, ndipo pasapezeke marauta awiri a dzina limodzi. Zimachitika kawirikawiri munthu akakopera makonzedwe a rauta imodzi kupita pa inzake n'kuiwala kusintha mzerewu. Pamenepo marauta awiri amatulutsa zikalata zotsutsana m'dzina limodzi, iliyonse ikufufuta za inzake, njira zikungobwera ndi kupita. Mizere ya network ikuuza rauta mabowo amene alowe mu OSPF. Manambala a 0.0.0.3 amasokoneza ophunzira onse, chifukwa ndi mask yotembenuza: pamene pali 0 payenera kufanana ndendende, pamene pali nambala ina pakhoza kusiyana mpaka kufika pa nambalayo. Mzere womaliza ukunena kuti bowo lopita ku makompyuta a mu ofesi lilengezedwe m'mapu, koma rauta isalankhule za OSPF kumeneko, pakuti kulibe mnansi, kuli alembi ndi printa. Pa rauta ya MikroTik, yopangidwa ndi kampani ya ku Latvia, imene yafala kuno chifukwa chotchipa, mawu ake ndi ena koma mafunso ndi omwewa.

Akangomaliza, rauta imayamba kupereka moni. Pa masekondi 10 alionse imatumiza kapaketi kotchedwa Hello ku adiresi ya 224.0.0.5, imene marauta a OSPF okha ndiwo amamvetsera. M'moniwo muli dzina lake, area yake (chigawo chake cha netiweki), nthawi zake, ndi maina a anansi amene yawamva kale. Rauta ikaona dzina lake m'moni wa mnzake imadziwa kuti akumvana mbali zonse. Pakadutsa masekondi 40 osamva moni, mnansiyo amawerengedwa kuti wafa. Koma OSPF ndi yosankha anzake. Area ikasiyana, mask ikasiyana, nthawi za moni zikasiyana, mawu achinsinsi akasiyana, marauta awiri olumikizidwa ndi chingwe chabwinobwino amangokhala ngati apongozi okumana panjira, aliyense kuyang'ana kumbali.

Mmisiri amalemba show ip ospf neighbor n'kuyang'ana liwu limodzi. Akufuna FULL, kutanthauza kuti mapu a awiriwa afanana. Akaona INIT, ndiye kuti iye akumva mnzake koma mnzakeyo sakumumva. Akaona EXSTART osasuntha kwa mphindi zingapo, amatenga foni kuimbira wa ku Lichinga.

"Achimwene, tandiwerengereni MTU ya bowo lanulo."

"Kuno ndi 1500."

"Ndiye pamenepo. Kuno wina anasiya 9000."

MTU ndi kukula kwa paketi yaikulu imene bowo lingatumize. Moni ndi kapaketi kakang'ono ndipo kamadutsa popanda vuto, koma marauta akayamba kusinthana mitu ya zikalata amayerekeza nambala imeneyi, ndipo ikasiyana amakana kupitirira. Vutoli limadya masana athunthu a munthu amene sanakumanepo nalo, chifukwa ping, kapaketi koyesera ngati mnzako akufikika, ikuyankha bwinobwino, magetsi onse ndi obiriwira, koma njira palibe.

Pofika pano netiweki ikuyenda, ndipo ambiri amapinda laputopu. Ine ndimaona kuti ntchito yeniyeni ndi imene yatsala, yoika mitengo ya njira. Manambala aja a 10 ndi 50 sabwera okha. Rauta ya Cisco ikasiyidwa, imatenga 100 Mbps n'kugawa ndi liwiro la bowo, ndipo yankho silitsika pansi pa 1. Muyeso umenewu unakhazikitsidwa kalekale pamene 100 Mbps inali liwiro lodabwitsa. Lero bowo la 100 Mbps, la 1 Gbps ndi la 10 Gbps onse amapeza 1. Choipa kwambiri n'chakuti rauta siona wailesi ya pamlongoti. Imaona kachingwe ka mamita ochepa kopita ku wailesiyo, ndipo kachingweko ndi ka 1 Gbps ngakhale kuti mumlengalenga mukudutsa kachigawo kochepa chabe ka liwirolo. Ndiye m'chitsanzo chathu chija wailesi yolunjika ku Lichinga ipeza 1, faiba yodzera ku Maniamba ipeza 2, ndipo rauta, mokhulupirika ndi masamu a Dijkstra, ithira katundu yense m'kanjira kopapatiza n'kusiya msewu waukulu uli pululu. Anthu azidandaula kuti rede ikuchedwa, mmisiri akayang'ana apeza FULL paliponse.

Mankhwala ake ndi mizere iwiri. Wina, auto-cost reference-bandwidth, umakweza muyeso uja, ndipo uyenera kulembedwa mofanana pa marauta onse. Winawo ndi ip ospf cost 50, wolembedwa pa bowo la wailesi. Mzere umenewu uyenera kulembedwa mbali zonse ziwiri, chifukwa mtengo umawerengedwa potuluka. Mukaulemba ku Metangula kokha, mafunso azipita pa faiba, mayankho azibwerera pa wailesi.

Wina angafunse kuti, bwanji makina osadziyezera okha kuti njira yadzaza n'kukweza mtengo wake? Munthu wopita ku Cobue amachita zomwezo. M'dzinja, msewu wafumbi ukasanduka matope, amasankha boti. Mwera ukayamba kuwomba m'miyezi yozizira, nyanja ikachita thovu, amasankha msewu. A ARPANET anayesa. Mtengo wa chingwe unkatsatira kuchedwa kwa mapaketi, ndipo katundu akachuluka zinkachitika ngati za anthu a m'boti lopendekeka: onse athamangira mbali yopepuka, mbali imeneyo yalemera, onse abwereranso. Mu 1987 anasintha kawerengedweko kuti mitengo isamalumphe chotero. OSPF inasankha kukhala ndi mtengo wosasuntha, woikidwa ndi munthu. Simva mwera. Imadziwa zinthu ziwiri zokha za chingwe, kuti chili moyo kapena chafa, ndi nambala imene inauzidwa.

Ngakhale kufa kumeneko siikuona msanga nthawi zonse. Faiba yolowa mu rauta mwachindunji ikaduka, kuwala kumazima ndipo rauta imadziwa nthawi yomweyo. Wailesi ndi ina. Mvula yamphamvu ikagwa pakati pa milongoti iwiri, mafunde a microwave amafooka mpaka kutha, koma kachingwe ka pansi kaja kali moyo, getsi lake likuyaka. Rauta ipitiriza kutumiza mapaketi mumdima kwa masekondi 40 athunthu, kudikira moni amene sakubwera. Kwa munthu amene waima pa kauntala kudikira uthenga wotsimikiza kuti ndalama zalowa, masekondi 40 ndi ambiri. N'chifukwa chake amisiri amawonjezera kandondomeko kotchedwa BFD, kamene kamagogoda kwa mnansi kangapo pa sekondi ndipo kamauza OSPF za imfayo sekondi isanathe. Koma pa wailesi yofooka kufulumira kumeneku kuli ndi mtengo wake. Chingwe chimene chikufa ndi kudzuka mphindi iliyonse chimatulutsa chikalata chatsopano ulendo uliwonse, ndipo rauta iliyonse m'netiweki imawerengeranso mapu.

Apa ndi pamene area imathandiza. Netiweki ikakula imagawidwa m'zigawo, ndipo mapu atsatanetsatane amathera m'malire a chigawo. Area 0 ndi msana, zigawo zina zonse ziyenera kulumikizana nawo. Marauta a m'mphepete mwa nyanja akaikidwa mu area 1, ndipo rauta ya pamalire ikauzidwa kuti ilengeze maadiresi awo onse ngati mtolo umodzi, kuphethira kwa wailesi ya ku Cobue sikudzutsanso marauta a kumtunda. Pa netiweki ya marauta khumi kapena makumi awiri, kugawa kotere n'kudzivutitsa chabe, area 0 yokha ikwana. Kunja kwa mpanda wa kampani OSPF sipita. Kumene makampani amakumana, monga pa MOZIX ku Maputo, kapena polowera zingwe za pansi pa nyanja yamchere za SEACOM ya 2009 ndi EASSy ya 2010, amalankhulana ndi ndondomeko ina, BGP, imene imasamala za mapangano ndi ndalama kuposa kufupika kwa njira.

Pali kachinthu kenanso koseketsa. Marauta angapo akalumikizidwa pa switch imodzi, sasinthana mapu aliyense ndi aliyense. Amasankha mmodzi, DR, kukhala ngati nyakwawa wolandira ndi kufalitsa zikalata, ndi wachiwiri wake, BDR. Wopambana ndi wa priority yaikulu, ndipo zikafanana, wa dzina la nambala yaikulu. Koma akasankhidwa salandidwa mpando ndi wobwera mochedwa. Kumalo kumene magetsi amazimazima, izi zikutanthauza kuti rauta imene imadzuka msanga magetsi akabwera ndiyo imalowa ufumu, ndipo kawirikawiri imakhala kakang'ono kotchipa, pamene yaikulu ikadali kudzikonzekera. Mmisiri wosamala amapatsa kakang'onoko priority 0 kuti kasapikisane nawo. Pa chingwe cha marauta awiri okha amalemba ip ospf network point-to-point, chisankho chonse n'kuchotsedwa. Amaikanso mawu achinsinsi pa moni, chifukwa popanda iwo munthu aliyense wobwera ndi rauta yake n'kuilowetsa pa bowo lotseguka akhoza kulengeza njira zabodza, ndipo netiweki yonse imukhulupirira.

Chotsala ndi kuyesa, ndipo kuyesa kwake n'kwa manja. Mmisiri amayambitsa ping yosalekeza yopita ku Lichinga, amaimirira pa kreti paja, n'kuzula chingwe cha faiba. Pa laputopu mayankho amaima, mzere umodzi kapena iwiri ya kulephera, kenako ayambiranso, ochedwerapo pang'ono. Amalemba traceroute, yoonetsa marauta amene mapaketi akudutsamo, ndipo Maniamba sakuonekanso pa mndandanda, mapaketi akudzera paphiri. Amabwezera chingwe, amadikira FULL, Maniamba wabwerera. Asanazule kachingwe kabuluu amalemba mzere wina umodzi, copy running-config startup-config, chifukwa zonse zimene walemba kuyambira m'mawa zili m'chikumbumtima chimene chimafufutika magetsi akangozima, ndipo galimoto yomaliza yokwera chitunda kupita ku Lichinga yayamba kale kuimba hutala pamsika.